Simbi ya osoka zovala ndi zofunda za zigamba

Simbi ya telala imagwira ntchito yosiyana ndi yositira malaya a ku tchalitchi. Ntchito yake yaikulu ndi kugoneka misoko: wosoka amaiika pa msoko, kudinikiza, n'kuinyamula osaikhwekhwereza, kuopa kuti chigamba chingatamuke n'kupotoza chofunda chonse. N'chifukwa chake simbi yolemerako, ya nsonga yosongoka bwino, ndiyo yoyenera kugula.

Kutentha n'kofunikanso. Nsalu ya thonje, monga chitenje chenicheni, imafuna madigiri pafupifupi 200, pa madontho atatu a chopotokolera. Dontho limodzi, madigiri 110, ndi la nsalu za nayiloni zosachedwa kusungunuka.

Pa za nthunzi osoka amasiyana maganizo. Nthunzi imagonetsa msoko msanga, koma ambiri opanga zofunda za zigamba amakonda simbi youma, n'kumawaza madzi pang'ono paokha. Simbi zozima zokha zikakhala zosagwiritsidwa ntchito zimateteza ku moto, ngakhale zimachedwetsa munthu amene akusoka n'kumasita mosinthanasinthana.

Kumene magetsi amavuta, simbi yamakala idakali yodalirika. Ndi yolemera mokwanira, kungoti phulusa ndi timakala timaboola nsalu, choncho ndi bwino kuyala kansalu koyera pamwamba pa msoko.