Kuchokera pa muuni kufika pa lamba wa LED: mbiri ya kuunika ku Katondwe

Msewu wochokera pa Luangwa Bridge kutsikira ku Feira ndi wa makilomita pafupifupi 90, ndipo Katondwe ali m'mbali mwa msewu womwewo usanafike pa boma. Ukayendamo dzuwa litalowa masiku ano, apa ndi apo uona golosale kapena kanyumba kometeramo tsitsi kali ndi kachingwe kowala m'mphepete mwa malata, kakusinthasintha: kufiira, kubiriwira, kenako kuyera. Amalonda a ku Lusaka amangoti strip. Ndi lamba wopyapyala wokhala ndi timababu ta LED tondondozana, ndipo wayamba kulowa m'nyumba za aphunzitsi, anamwino ndi achinyamata amene anapitako ku tauni. Ena amati n'chidole cha ana. Ine sindikuganiza choncho, ndipo chifukwa chake chili m'mbiri ya chigwa chino, kumene kuwala kwakhala kukufika m'manja mwa anthu, kachinthu kamodzikamodzi, waya wa boma akuchedwa m'njira.

Kale nyali ya m'nyumba inali moto wa pamafuwa. Mayi akafuna chikho chimene chagwera kuseri kwa mtsuko ankasolola udzu, n'kuyatsa muuni, n'kufufuza msanga usanapse mpaka ku zala. Wotuluka panja ankatenga chikuni n'kumachigwedeza kuti chisazime. Ena ankasenda nsatsi n'kuzitunga pa kamtengo, ndipo zinkayaka imodzi ikatha inzake, chifukwa nsatsi ili ndi mafuta ambiri. Magule ndi masewera a ana ankadikira mwezi. Mdima ukakhala wandiweyani anthu ankagona msanga, kupatula alonda a m'minda ya kudimba, amene ankasonkha moto usiku wonse ndi kuomba ng'oma kuti mvuu ndi njovu zisathe chimanga.

Malonda akunja anafika kuno kalekale. Apwitikizi anakhazikika ku Zumbo ndi ku Feira, pamene Luangwa amathira mu Zambezi, m'zaka za m'ma 1700. Achikunda ankayenda m'mitsinje iwiriyi ndi nsalu, mikanda ndi mfuti, n'kubwerako ndi minyanga ya njovu ndi akapolo. Zonsezo sizinasinthe usiku wa munthu wamba. Kusintha kunayamba kuoneka ndi amishoni. Mu 1910 ufumu utagwa ku Portugal, boma latsopano linathamangitsa ansembe a chipani cha Ajezwiti m'maiko ake onse. Amene anali ku Miruru, tsidya la Mozambique, anaoloka Luangwa n'kudzamanga ku Kapoche ndi ku Katondwe, ndipo kuyambira 1912 ntchitoyo inagwera m'manja mwa Ajezwiti a ku Poland.

Pali chinthu china chokhudza Poland chimene chimandigwira mtima ndikaganiza za chipatala cha Katondwe, chimene asisitere a chipani chochokera kudziko lomwelo akhala akuyendetsa kwa zaka zambiri. Mmodzi mwa anthu oyamba kupanga nyali ya palafini anali wosakaniza mankhwala wa ku Poland, Ignacy Łukasiewicz. Pa 31 July 1853, madokotala a mumzinda wa Lwów, umene lero ndi Lviv ku Ukraine, anachita opaleshoni yadzidzidzi usiku pounikira ndi nyali zake. Nyali ya palafini inayamba kutchuka pa bedi la wodwala. Aliyense amene anaperekezapo mayi wapakati usiku, kapena munthu wolumidwa ndi ng'ona pamene ankavuula ukonde, akudziwa kuti pa nthawi yotero kuunika ndi mankhwala oyamba.

Koma nyali yagalasi inali ya amishoni, aphunzitsi ndi amene anabwerako ku migodi ya Kabwe kapena ku Salisbury. Ya tonsefe inali koloboyi. Ankatenga kachitini kapena kabotolo, n'kuboola chitsekerero, n'kulowetsamo kampope kachitsulo, n'kupota kansanza kakale kuti kakhale chingwe. Palafini ankagula wa m'kabotolo kakang'ono, wokwanira masiku owerengeka, ndipo mwana wotumidwa akamutaya m'njira, tsiku limenelo kunalibe mtendere. Lawi lake linali lalifupi ngati chala, lofiirira, lokhala ndi mchira wa utsi wakuda. Mwana wokonzekera mayeso a Giredi 7 ankaliyandikira mpaka nsidze kuwauka, ndipo m'mawa akamina ankatulutsa mwaye. Kamphepo kakalowa pa chitseko, lawi linkazima, machesi n'kusowa. Koloboyi anaphunzitsa anthu ambiri amene lero ndi akuluakulu m'maofesi, ndipo tiyenera kumulemekeza pa zimenezo. Anatenthanso nyumba zaudzu, maneti a udzudzu ndi ana ogona, ndipo palafini wosungidwa m'botolo la chakumwa anamwedwa ndi ana osadziwa kanthu.

Chowawa n'chakuti nthawi yonseyi magetsi ankapangidwa ndi madzi omwewa amene anthu a kuno, a kwa Mphuka ndi kwa Mburuma, amaoloka pa bwato. Kumtunda, pa Zambezi, damu la Kariba linatha mu 1959. Kumunsi, Cahora Bassa anatsekedwa mu 1974, ndipo nyanja yake imabwerera m'mbuyo mpaka kufupi ndi Zumbo. Mphamvu ya Kariba inkathamangira ku migodi ya Copperbelt ndi m'mizinda ya m'mbali mwa njanji. Yambiri ya Cahora Bassa inkayenda makilomita pafupifupi 1,400 kupita ku South Africa. Pakati pa madamu awiri akuluakuluwo, mwana wa ku Katondwe ankawerengera koloboyi.

Kampani ya magetsi ya ZESCO inakhazikitsidwa mu 1970, koma kwa zaka zambiri boma la Luangwa linkadalira majenereta a dizilo, amene ankatumikira maofesi ndi nyumba zochepa. Lamulo lokhazikitsa Rural Electrification Authority linabwera mu 2003, ndipo patapita nthawi waya wa dziko lonse anatsika m'chigwa. Zimenezo zinathandiza zipatala, masukulu ndi zigayo. Komabe mtengo wa magetsi kuima pamsewu sikutanthauza kuti m'mudzi mwawala. Kukoka waya, kulipira wolumikiza m'nyumba ndi kugula mayunitsi mwezi ndi mwezi n'zolemera kwa banja limene ndalama yake imachokera ku mphasa, masau ndi nsomba zouma zogulitsa pa Luangwa Bridge.

Chimene chinachotsa koloboyi pa tebulo chinachokera kutali kwambiri. Mu 1962 Nick Holonyak, wa kampani ya General Electric ku America, anapanga LED yofiira, ija timaiona pa wailesi ikayaka. Yobiriwira ndi yachikasu zinatsatira, koma yabuluu inavuta akatswiri kwa zaka pafupifupi 30. Anadzaipeza ku Japan Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Buluu ndiye anali kiyi: ukamuphimba ndi mankhwala ena achikasu, kuwala kumatuluka koyera, ndipo LED yoyera inayamba kugulitsidwa mu 1996. Atatuwo analandira mphoto ya Nobel mu 2014, ndipo opereka mphotoyo anatchula anthu oposa 1.5 biliyoni amene panthawiyo analibe magetsi a waya. Babu lakale, la mtundu umene Thomas Edison anatchukitsa kuyambira 1879, limataya mphamvu yake yambiri potentha. LED imadya pang'ono kwambiri, moti batire laling'ono limaikwanira.

M'midzi zinayamba ndi matochi otchipa a ku China. Anyamata ochenjera ankaphwasula tochi yothyoka, n'kuchotsa timababu take, n'kutimata pa CD yakale kuti kuwala kumwazike, mabatire atatu a wailesi atawakulunga m'katoni n'kuwamanga ndi mphira. Nyali yopanga okha imeneyo inapachikidwa pa mitanda ya nyumba zambiri palafini atakwera mtengo. Kenako kunabwera tinyali ta sola. Bungwe la SolarAid, kudzera m'malonda ake a SunnyMoney, linkatigulitsa podzera mwa aphunzitsi aakulu a masukulu, ndipo makampani ena anabweretsa sola yolipira pang'onopang'ono pa foni, yokhala ndi mababu angapo ndi potchajira. Mu 2016, dziko litalawa kuzimazima kwa malaiti kwa 2015, boma linayamba kuletsa mababu akale aja. Chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi tsoka la dziko pa 29 February, chinaphwetsa Kariba mpaka madera ena a Lusaka ankakhala maola 21 pa tsiku opanda magetsi. Chaka chimenecho wa ku Kabulonga, mu Lusaka, anathamangira kugula chimene wa kumudzi anali atachizolowera kale: panelo padenga ndi batire pakona.

Lamba wa LED akulowa pa khomo limeneli. Ambiri amagwira ntchito pa mavoti 12, mphamvu yomweyo ya batire la sola kapena la galimoto, choncho safuna invata. Ena aafupi amagwira pa mavoti 5 ndipo amangolowetsedwa pa USB ya power bank. Amabwera atakulungidwa, kawirikawiri mamita 5, ali ndi timababu 30 kapena 60 pa mita, kumbuyo kuli zomatira. Pa lamba wa mavoti 12, timababu titatu tilitonse pamakhala kamzere ndi timadontho ta mkuwa. Pamenepo ndi podula ndi sizasi, ndipo chidutswa chilichonse chimayaka pachokha ukachilumikiza waya, bola osasemphanitsa mbali ya + ndi ya −. Ndiye kuti mpukutu umodzi ungagawidwe: mita imodzi pamwamba pa tebulo lowerengera, theka pakhomo, theka kukhitchini, china m'njira ya kuchimbudzi kumene zinkhanira ndi njoka zimakonda nthawi yotentha.

Masamu ake ndi ofunika kuwadziwa musanatulutse ndalama. Lamba woyera wa timababu ting'onoting'ono, 60 pa mita, amadya mawati pafupifupi 4.8 pa mita. Mukayatsa mamita onse 5 ndi mawati 24, ndipo kabatire ka 7Ah, kamene sikayenera kutsitsidwa kupyola theka ngati mukufuna kuti kakhalitse, sikafika maola awiri. Mita imodzi yokha pa kabatire komweko imayaka maola oposa 8. Lamba wamitundumitundu wa timababu tikuluikulu amatha kudya mawati 14.4 pa mita, kutanthauza 72 pa mpukutu wonse. Apa ndi pamene anthu ambiri amakhumudwa: amazunguliza chipinda chonse ndi mitundu, pofika 20 koloko batire lagona, foni sinatchajidwe, ndipo mlandu amaupereka kwa wogulitsa panelo.

Nanga nzeru zimene amati lambayu ali nazo zili pati? Zili m'kabokosi kakang'ono kokhala pakati pa batire ndi lamba. Kotchipa kamamvera rimoti. Kena kamalankhula ndi foni pa Bluetooth, ndipo kameneko sikafuna bandulo. Kodula kamafuna Wi-Fi ndi intaneti, potsatira njira imene Philips Hue inatsegula mu 2012 kwa anthu a nyumba zokhala ndi intaneti usana ndi usiku. Kwa Katondwe, kuona kwanga n'kwakuti zothandiza zenizeni ndi kuchepetsa kuwala, kutchera nthawi yozimira, ndi kachipangizo kamene kamayatsa nyali munthu akamadutsa. Kuwala kochepetsedwa kumatalikitsa moyo wa batire ndipo sikudzutsa khanda mayi akamayamwitsa. Nyali yodziyatsa yokha pakhomo imathandiza gogo amene sangapapase switchi mumdima. Zovina motsatira nyimbo zili ndi malo ake pa ukwati, pa golosale ndi m'chipinda cha mnyamata, ndipo sindikuona cholakwa kuti anthu amene anakulira mu utsi wa palafini asangalale ndi mitundu. Koma ziyambe zoyera, zokongola zitsatire batire likalola.

Kutentha kwa m'chigwa kuli ndi mawu ake pa nkhaniyi. Mu October, pamene kumapyola madigiri 40, zomatira za kumbuyo kwa lamba zimafewa, ndipo lamba womatidwa pa malata amalendewera pasanathe nthawi. Pa khoma la dothi kapena la njerwa zosapaka samata n'komwe. Amisiri abwino amayamba akhoma kathabwa kosalala kapena kachitsulo ka aluminiyamu, n'kumatapo lambayo ndi kumugwiriza ndi timawaya, chifukwa LED yotenthedwa imazilala msanga. Wa panja afunika wokutidwa ndi pulasitiki woletsa madzi, ndipo aikidwe motalikirako ndi chitseko, popeza kuwala koyera kumaitana tizilombo touluka. Fyuzi yaing'ono pafupi ndi batire isaiwalike: mavoti 12 sagwira munthu, koma mawaya awiri akakhudzana amatha kufiira n'kuyatsa denga laudzu.

Kuminda nakonso LED yapeza ntchito ya moto wa alonda uja. Ku Kenya, mnyamata wa ku Kitengela dzina lake Richard Turere anazunguliza khola la ng'ombe za bambo ake ndi timababu tothwanima tolumikizidwa ku batire ndi sola, mikango n'kumaganiza kuti pali munthu woyenda ndi tochi. Nzeru yomweyo yayesedwa pa njovu m'madera osiyanasiyana. Imathandiza, ngakhale njovu ndi nyama yophunzira msanga, ndipo alimi amaphatikizabe ndi tsabola, phokoso ndi kulondera.

Vuto limene likukula mwakachetechete ndi la zakufa. Batire la mtovu likatha mphamvu limatayidwa kuseri kwa nyumba, kumene ana amaliphwanya ndi mwala, kapena wina amalisungunula kuti apange zolemetsa ukonde. Mtovu ndi poizoni, ndipo Zambia ikuudziwa bwino chifukwa cha ana a ku Kabwe amene anadwala nawo. Ogula mabatire akale amapezeka ku Lusaka, koma palibe chimene chingalepheretse wa golosale wa ku Katondwe kuwasonkhanitsa n'kuwakweza pa galimoto yomwe imabweretsa katundu wake. Lamba yekhayo savuta kukonza. Kachigawo ka timababu titatu kakazima, amakadula pa timizere tiwiri tija n'kulumikiza mbali zotsalazo ndi timawaya tiwiri, ntchito imene mnyamata wokonza mafoni pamsika amaitha ndi kachitsulo kake kowotcherera pa mphindi zochepa.