Mgodi Umatha, Zinyalala Zimatsala

Anthu a kwa Nazombe ku Phalombe amadziwa bwino phiri la Songwe, pamene kampani ya Mkango Resources yakhala ikufufuza miyala yamtengo wapatali kwa zaka zambiri, ndipo mu 2024 boma linasayina nayo mgwirizano wokumba. Miyala ya mtundu umenewu kawirikawiri imapezeka pamodzi ndi thoriyamu, chitsulo chotulutsa cheza chosaoneka ndi maso chimene chikachuluka chimavulaza thupi. Tsono n'kwanzeru kuti tiyang'ane kumpoto, ku Kayelekera m'boma la Karonga, kumene dziko lathu linayamba kale kuphunzira za miyala yotere, kuti tione zimene mbiri ya kumeneko ingatiphunzitse.

Mwala wa yureniyamu unapezeka ku Kayelekera kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Yureniyamu ndiye nkhuni za mafakitale a magetsi a nyukiliya: tinthu take tating'onoting'ono tikamagawika timatulutsa kutentha kwakukulu, kutenthako kumawiritsa madzi, ndipo nthunzi yake imazunguza makina opanga magetsi. Mu 2007 boma linagwirizana ndi kampani ya ku Australia yotchedwa Paladin kuti ikumbe mwalawo, boma likulandira magawo 15 pa 100 alionse a mgodi. Chaka chomwecho mabungwe angapo, pakati pawo Bungwe la Katolika la Chilungamo ndi Mtendere, anapita kukhoti kudandaula kuti dziko linalibe malamulo okwanira otetezera anthu ndi madzi. Nkhaniyo inathera kunja kwa khoti. Pulezidenti Bingu wa Mutharika anatsegula mgodi mu 2009, koma lamulo loyang'anira za mphamvu ya atomiki linadza mu 2011, kukumba kutayamba kale. Tinamanga khola mbuzi zitalowa kale m'munda.

Chaka cha 2011 chomwecho chivomezi ndi mafunde a nyanja zinawononga fakitale ya nyukiliya ku Fukushima m'dziko la Japan. Maiko ambiri anachita mantha, mtengo wa yureniyamu unagwa, ndipo mu 2014 Paladin inaimitsa kukumba. Antchito ambiri anabwerera kwawo. Mu 2020 mgodi unagulitsidwa kwa kampani ina ya ku Australia, Lotus Resources, imene inayambanso kukumba mu 2025, mtengo utakweranso. Taonani: m'zaka zosakwana makumi awiri mgodi unatsegulidwa, unatsekedwa, unasintha mwini ndipo unatsegulidwanso. Koma pali chinthu chimodzi chimene sichinachoke pamalo pake, ndicho thope lotsala.

Pa tani imodzi ya mwala wokumbidwa pamatuluka yureniyamu wochepa kwambiri. Zotsala zonse zimakhala thope losakanizika ndi asidi, limene limasungidwa m'damu pafupi ndi mgodi. Gawo lalikulu la cheza chimene chinali m'mwala limatsalira m'thope limeneli. Muli chitsulo chotchedwa radiyamu, chimene chimafuna zaka 1,600 kuti mphamvu yake itsike ndi theka lokha. Ndipo madzi a ku Kayelekera amatsikira mu mtsinje wa Sere, Sere amathira mu North Rukuru, North Rukuru amathira m'nyanja ya Malawi, m'mene tonse timadyamo usipa ndi chambo.

Tisaweruze mbali imodzi. Amene amalimbikitsa nyukiliya ali ndi mfundo zomveka. Fakitale ya nyukiliya situlutsa utsi wotenthetsa dziko monga malasha, ndipo imapereka magetsi usana ndi usiku. Mu 2023 pamsonkhano wa za nyengo ku Dubai, maiko opitirira 20 analonjeza kuchulukitsa katatu magetsi a nyukiliya pofika 2050. Ifenso tikudziwa kuwawa kwa mdima: mu Januwale 2022 namondwe Ana anawononga Kapichira pa Shire, ndipo dziko linakhala miyezi yambiri magetsi akuzimazima. Munthu amene mkazi wake anaberekera pa kuwala kwa kandulo sanganyoze magetsi.

Komabe funso la zinyalala silinayankhidwe mokwanira ngakhale m'maiko olemera. Nkhuni za nyukiliya zikatha ntchito zimakhala zoopsa koposa poyamba. Muli plutoniyamu amene amafuna zaka 24,000 kuti atsike ndi theka. A ku Finland akumba mapanga a Onkalo m'thanthwe, mamita opitirira 400 pansi pa nthaka, kuti zinyalala zikagone m'menemo zaka 100,000. Chibadwire Ambuye Yesu papita zaka 2,000 zokha. Ndi kampani iti, ndi boma liti, limene lingalonjeze kulondera manda otere kufikira mapeto?

Anthu a ku Phalombe safuna kuuzidwa za mphamvu ya madzi. Mu Malichi 1991 Napolo anatsika m'phiri la Michesi nakokolola midzi ndi anthu. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anabweretsanso matope ndi miyala yaikulu ngati nyumba. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Damu lililonse la thope limene lingamangidwe m'dera lotere liyenera kumangidwa poganizira mvula yoopsa imene zidzukulu zathu zidzaone, osati mvula ya chaka chabwino.

Mu 2015 Papa Fransisko analemba kalata yake ya Laudato Si', yotikumbutsa kuti dziko ndi mudzi wathu tonse, ndi kuti chilungamo chimakhudzanso ana amene sanabadwe. Iwowa sakhala nawo pabwalo la mfumu pamene mapangano akukambidwa, choncho tiyenera kuwalankhulira ndife. Mpingo sukana chitukuko, pakuti chuma cha m'nthaka ndi mphatso ya Mulungu. Koma m'miphakati yathu, m'makhonsolo a parishi ndi pamisonkhano ya mafumu, tifunse mwaulemu ndi mosaopa, khasu lisanalowe pansi: thope lidzasungidwa pati? Adzayeza madzi a m'zitsime ndani, ndipo zotsatira zake zidzawerengedwa poyera kodi? Ndalama zokonzera malo mgodi ukadzatha zasungidwa kuti, ndipo m'dzina la yani? Ku Kayelekera mafunso ambiri otere anayankhidwa mochedwa. Ku Songwe nthawi yofunsa ikadalipo.