Za Kudya ndi Kukhala kwa Abale Athu ku Migodi ya ku Joni

Ife anthu a dziko lino la m'mbali mwa Shire ndi nyanja ya Chilwa, kuyambira ku Utale ndi ku Ulongwe kufikira kwa Kawinga, tidziwa tonse dzina lakuti Wenela, pakuti ngwosowa mudzi umene sunatumizeko mwana wake. Koma pokamba mbiriyo tikonda kuwerenga njinga, mabulangete ndi masutikesi amene anabwera nawo, osafunsa umo thupi la munthu wobadwira ku Balaka linakhalira m'dziko la eni. Tsono tiyeni, abale, tifunse zimenezo mwezi uno.

Anthu a ku Nyasaland anayamba kulembedwa ntchito ya ku migodi ya golide ya ku Johannesburg m'chaka cha 1903. Mdani woyamba kukomana naye sanali thanthwe ayi, koma chisanu. Mzinda umenewo uli pamwamba, mapazi pafupifupi 6,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julayi madzi amauma usiku. Taganizani munthu wa m'chigwa chathu chotentha, wozolowera kugona pamkeka ndi nsalu imodzi, atuluke thukuta lili kamukamu m'dzenje lotentha, nalowe m'mphepo yotere! Chibayo chinawatha ambiri, kotero kuti m'chaka cha 1913 boma la South Africa linaletsa kulemba anthu ochokera ku maiko otentha a kumpoto. Khomolo linatsegukanso m'zaka za m'ma 1930. M'chaka cha 1935, chomwe njanji yodzera pa Balaka inafika ku Salima ndi mlatho wa pa Zambezi unatha, bungwe lofufuza la boma linayesa kuti amuna 120,000 a dziko lathu anali kunja, ena ku Joni, ochuluka ku Southern Rhodesia.

Kwathu kuno munthu adzuka ndi tambala, nalima kufikira dzuwa liwawa, napuma patsinde pa mtengo. Ku komponi mwini nthawi anali belu. Linalira kusanache, ndipo amuna anatsika pa makama awo a simenti osanjikizana, nakaima pamzere, natsitsidwa pansi pa dziko. Ndipo m'nyengo yachisanu ena anatha masiku osaliona bwino dzuwa. Chinenero chomwe chinali chachilendo, Fanakalo, choyenera kulamulira ndi kudzudzula, chosayenera konse kutonthoza mtima.

Koma chimene akuluakulu obwerako anakamba kosatha ndicho chakudya. Chimanga chinalipo, inde, ndipo sichinasowe. Koma kodi nsima ndi chimanga chokha? Amayi athu akonola, naviika mphale, nasinja, nayanika, kufikira ufa uyera ngati thonje. Kumeneko ufa unali wa pachigayo, wophikidwa m'miphika yaikulu ya chitsulo ndi amuna olembedwa ntchito, nugawidwa kwa anthu zikwi, yense atanyamula mbale yake pamzere. Ndiwo zinali nyemba, ndi masamba osakanizasakaniza osadziwika maina, ndi nyama pa masiku ake. Panalibe matemba a ku Chilwa, kapena chambo cha ku Malombe, kapena nandolo, chigwada ndi therere. Chokhacho chofanako ndi zakwathu chinali mahewu, mbale wake wa thobwa, ndipo ambiri anagwira ntchito tsiku lonse pansi alibe china m'mimba koma amenewo ndi kaphala ka m'mamawa. M'zaka zoyamba, masamba atachepa, inabuka nthenda yotupitsa nkhama ndi kugwedeza mano, imene lero tidziwa kuti idza posowa zipatso ndi ndiwo zaziwisi. Ife amene tipondaponda mango ndi masau m'njira sitidziwa kuti tiponda mankhwala.

Anansi athu Achiyao a Chisilamu anali ndi mtolo wina pamwamba pa umenewu, pakuti sanadziwe amene anazinga nyama ya m'mbale mwawo, ndipo mwezi wa kusala unawapeza ali m'ng'anjo ya pansi. Chimene chinasunga ambiri, Akhristu ndi Asilamu omwe, ndicho kudyera pamodzi: a mudzi umodzi anasonkha nyama yawo, naiphikanso okha m'chipinda monga mwa kwawo, nakamba za kumudzi pakudya. Tiyesa ife kuti mphika waung'ono umenewo unachiza mitima yambiri koposa chipatala cha komponi.

Za kulimbitsa thupi zinali za mitundu iwiri. Mtundu woyamba unali wa eni mgodi. Migodi itazama, kutentha kunayamba kupha anthu, ndipo kuyambira m'zaka za m'ma 1930 mlendo anayamba wayesedwa m'chipinda chotenthetsa dala, kukokola miyala ndi fosholo. Pambuyo pake anasintha, nayamba kukweretsa anthu pa chiunda ndi kuwatsitsa, maola angapo tsiku lililonse, ali chivulire, kufikira thupi lizolowere. Kunena zoona, machitidwe amenewa anapulumutsa miyoyo. Koma obwerako anawakumbukira ndi manyazi, pakuti mwamuna wa ana ake anayesedwa monga ayesa ng'ombe ya pagoli. Mtundu wachiwiri unali wawo wa iwo eni. Tsiku la Sabata, atatuluka m'mapemphero amene anapemphera, mtundu uliwonse unavina gule wa kwawo m'bwalo la komponi, ena nasewera mpira. Ku migodi ya ku Rhodesia anthu a kwathu anadziwika ndi beni, gule wotsanzira perete wa asilikali, yemwe avinidwabe m'midzi ya Machinga.

Chakudya sichinaleke kukhala mlandu. Pamene antchito a m'migodi zikwi makumimakumi ananyanyala mu Ogasiti 1946, napempha mashiling'i 10 pa tsiku, kuchepa ndi kuipa kwa chakudya cha m'komponi kunali pakati pa madandaulo awo. Pofika 1973 Amalawi a m'migodiyo anapitirira 100,000. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, niipha Amalawi 74 obwerera kwawo, ndipo Dr. Banda analetsa kulembako. Kunayambanso pang'ono mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, kufikira kunatheratu m'chaka cha 1988.