Njira ziwiri zophunzitsira makina kuzindikira zithunzi

Mbozi za ntchemberezandonda zikagwa m'munda wa chimanga ku Sharpevale m'boma la Ntcheu, mlimi amapulumutsa mbewu yake ngati wazizindikira zisanalowe mkati mwa nsonga. Mbozizi zidasautsa kwambiri mu 2017 moti mu Disembala chaka chimenecho Pulezidenti Peter Mutharika adalengeza kuti maboma 20 ali pangozi. Poti alangizi a zaulimi ndi ochepa, chidwi chili pa makina amene amaona chithunzi cha tsamba n'kunena chimene chikulidya. Akatswiri ali ndi njira ziwiri zopangira makinawa.

Yoyamba ndi deep learning. Kompyuta imaonetsedwa zithunzi zambirimbiri zolembedwa kale mayina mpaka iyo yokha itagwira kusiyana kwa tsamba lodyedwa ndi lathanzi. Njirayi idatchuka mu 2012 pomwe Alex Krizhevsky, Ilya Sutskever ndi Geoffrey Hinton a ku University of Toronto adapambana mpikisano wa ImageNet, wokhala ndi zithunzi zoposa 1.2 miliyoni za m'magulu 1,000. Pulogalamu ya pafoni ya Nuru, yomwe idapangidwa ku Penn State University ku America, imatsata njirayi pozindikira matenda a chinangwa komanso ntchemberezandonda, ndipo imagwira ntchito popanda intaneti. Vuto lake nlakuti kuphunzitsa makinawa kumadya magetsi ambiri.

Yachiwiri ndi neuromorphic computing, dzina lomwe adayambitsa Carver Mead wa ku Caltech cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Apa akatswiri amapanga tizipangizo totsanzira ubongo wa munthu, umene umagwiritsa ntchito mphamvu ya mawati pafupifupi 20 okha. Timagawo ta m'tizipangizoti timatumiza uthenga pokhapokha pakakhala kusintha, nthawi ina yonse timakhala chete, ndipo magetsi sawonongeka. Kachipangizo ka TrueNorth, komwe kampani ya IBM idatulutsa mu 2014, kali ndi timagawo 1 miliyoni koma kamadya mphamvu yosafika gawo limodzi mwa magawo 10 a wati imodzi. Kampani ya Intel nayo idatulutsa Loihi mu 2017 ndi Loihi 2 mu 2021.

Pa zithunzi wamba monga za tsamba, deep learning ikadali patsogolo pa kulondola, komanso imagwira m'mafoni omwe ali kale pamsika. Njira yachiwiriyi imaposa inzake pa kusunga batire ndi kutsata zinthu zoyenda, koma njovuta kuiphunzitsa ndipo tizipangizo take tambiri tikadali m'manja mwa ofufuza.

Kwa mlimi wa ku Sharpevale amene amalipira kuti atchajitse foni, zonse ziwiri nzofunika: yankho lolondola ndi batire lokhalitsa. Pakadalipano chimene angagwiritse ntchito m'munda ndi deep learning, ndipo asanagule mankhwala ndi bwino atsimikizire yankholo kwa mlangizi.