Pepala la Mlozi ndi Lonjezo la Mulungu

 Lero ndiyamba ndi mbiri ya kwathu kuno ku Karonga, mavesi tiwapeza m'njira.

M'zaka za m'ma 1880 kunabwera Mswahili wina dzina lake Mlozi, wamalonda a minyanga ya njovu ndi akapolo. Anafika pakati pa Angonde ngati mlendo. Anamanga linga ku Mpata, m'mbali mwa mtsinje wa Rukuru, ndipo anzake Kopakopa ndi Msalemu anamanganso awo chapafupi. Atakhazikika, mlendo uja anasanduka mwini dziko. M'chaka cha 1887 anayamba kutentha midzi. Anthu anathawira m'mabango pa dambo la Kambwe poyesa kubisala, koma ankhondo a Mlozi anayatsa mabangowo. Othawa moto anakumana ndi mfuti ndi mikondo, olowa m'madzi anakumana ndi ng'ona, otsala anamangidwa ukapolo. Anthu amenewa ndi makolo a ena mwa inu amene mukundimva pano.

Azungu a kampani ya African Lakes, otsogozedwa ndi Monteith Fotheringham, analimbana naye zaka ziwiri. Frederick Lugard anabwera kudzathandiza mu 1888, anavulazidwa, linga osagwa. Ndiye mu Okutobala 1889 Harry Johnston anafika napangana mtendere ndi Mlozi. Analemberana papepala. Tamverani bwino apa, abale ndi alongo: pepala linalembedwa, koma malinga sanaphwasulidwe, ndipo akapolo anapitirira kugwidwa. Panapita zaka 6 zathunthu. Mu Disembala 1895 m'pamene Johnston anabweranso ndi asilikali ndi mizinga, linga la ku Mpata linagwa, Mlozi anaweruzidwa ndi mafumu a Chingonde napachikidwa, ndipo akapolo oposa 500 anamasulidwa.

Musaganize kuti ndikutamanda Johnston ayi. Iyeyo ankafuna dziko la mfumukazi yake. Mulungu anangomugwiritsa ntchito monga anachitira ndi Koresi wa pa Yesaya 45, mfumu yosamudziwa n'komwe. Ndipo omwewo obweretsa mtendere ndi amene anabweretsanso nkhondo yawo ya ku Ulaya: pa 9 Seputembala 1914 Angerezi ndi Ajeremani anaomberana pa Karonga pompano, ana a Africa akufera mkangano wa eni. Manda a nkhondo imeneyo alipo mpaka lero.

Numeri 23:19 akutiuza kuti Mulungu alibe khalidwe lathuli lolankhula m'mawa n'kubweza madzulo. Aleluya! Koma ndikudziwa wina pamenepo akuti, “Abusa, nanga a ku Kambwe aja? Ufulu wa 1895 unawapindulira chiyani anthu amene anapsa mu 1887?” Funso limeneli ndi lolemera, ndipo sindiliyankha mothamanga.

Baibulo silibisa kuti lonjezo limachedwa. Abrahamu analonjezedwa ali ndi zaka 75, Isake anabadwa iye ali ndi zaka 100. Pa Genesis 15 Mulungu anamuuziratu kuti zidzukulu zake zidzazunzika zaka 400 m'dziko la eni. Taganizani agogo angati anafa akuumba njerwa ku Aigupto, Mose asanabadwe n'komwe. Kodi Mulungu anawanamiza? Ayi. Tsiku lotuluka, mafupa a Yosefe anatuluka nawo, chifukwa iye anawalumbiritsa akadali moyo. Munthu anakhulupirira lonjezo mpaka kulipangira dongosolo la mafupa ake! Ahebri 11 akuwerenga anthu ambirimbiri otere, amene anamwalira akungolionera patali.

N'chifukwa chake ine ndimadandaula ndikamva ena akugulitsa madzi ndi mafuta m'timabotolo, n'kumakuuzani kuti pofika Lachisanu mavuto anu onse atha. Lachisanu likadutsa, mayi wosauka uja amati Mulungu wamunamiza, chonsecho amene wanama ndi wogulitsa botolo. Chimene Mulungu sanalonjeze musamuikire m'kamwa. Sanalonjeze kuti moto sudzayaka m'mabango. Analonjeza kuti kulira kwa oponderezedwa amakumva, kuti mwazi wosalakwa adzaufunsa, ndi kuti akufa adzauka. Chikole chake ndi manda a Yesu amene ali apululu.

Anthu a ku Kambwe aja, ambiri anafa Uthenga Wabwino usanawafike. Za iwo ine ndimaima pamene anaima Abrahamu pa Genesis 18, podziwa kuti Woweruza wa dziko lonse sangakhotetse mlandu. Ndipo Chivumbulutso 20 chikutiuza kuti tsiku lomaliza ngakhale madzi adzabweza anthu amene anawameza. Ndiye kuti dambo la Kambwe nalonso lidzawabweza, mmodzimmodzi, mayi ndi mwana wake kumsana, ndipo Mlozi adzaima nawo pabwalo limodzi.

Nthawi yatithera. Amene muli ndi Baibulo, usiku uno muwerenge Ahebri 11 yense pamodzi ndi ana anu. Tiyeni tipemphere.