Mawu Awiri Amene Amayi a ku Nyanga Anatisiyira

Amayi anzathu, pamene tikukondwerera zaka zimene gulu lathu layenda, ife a ku Nyanga tasankha kulemba mbiri ya malo amene timayalapo malonda. Ambiri a ife timagulitsa pafupi ndi siteji ya matekisi, ena masamba ndi zipatso, ena kaunjika, ena nyama yootcha. Pamsonkhano uliwonse, tikamaliza kuwerenga ndalama, pamabwera funso lomwelomwelo: kodi munthu wobwera ali ndi ufulu wanji m'dziko la eni? Yankho lake linayambira pompano.

Nyanga inakhazikitsidwa mu 1946. Boma la azungu linkafuna amuna akuda ngati antchito basi, mabanja awo ayi. Amuna ankagona m'mahositelo, ndipo mkazi wochokera ku Transkei kapena ku Ciskei akabwera kudzakhala ndi mwamuna wake popanda chiphaso, ankamangidwa n'kubwezedwa. Ndi mmenenso zinalili ndi agogo athu amene ankapita kumigodi kudzera ku Wenela: mwamuna yekha ndiye ankakwera, mkazi n'kutsala kumudzi kudikira ndalama.

Amayi a kuno sanangokhala chete. Pa 9 August 1956 amayi pafupifupi 20,000 anaguba kupita ku Union Buildings ku Pretoria kukana ziphaso, motsogozedwa ndi Lilian Ngoyi, Helen Joseph, Rahima Moosa ndi Sophia Williams. Mayi Annie Silinga a ku Langa, pafupi ndi ife, anamwalira mu 1984 asananyamulepo chiphaso ngakhale tsiku limodzi.

Chimene chimatikhudza kwambiri chinachitika pambuyo pake. Mu October 1976 boma linalengeza kuti Transkei ndi dziko loima palokha, ndipo anthu miyandamiyanda olankhula Chixhosa anatsika tulo atalandidwa unzika wa South Africa. Mu 1981 anthu amene anathamangitsidwa m'mahositelo a ku Langa anamanga zisakasa zamapulasitiki patchire la ku Nyanga m'nyengo yozizira ndi yamvula. Apolisi ankagwetsa, iwo n'kumanganso. Mu August chaka chomwecho ambiri anakwezedwa m'mabasi n'kukatayidwa ku Transkei ngati alendo olowa m'dziko mozemba. Ochuluka anabwerera. Mu 1982 anthu oposa 50 a gulu lomweli anasala kudya kwa masabata opitirira atatu m'tchalitchi cha St George's Cathedral, kupempha chilolezo chokhala mu Cape Town. Malamulo a ziphaso anathetsedwa mu 1986.

Choncho amayi achikulire amene timagulitsa nawo limodzi amadziwa bwino kutchedwa mlendo. Iwo anatchedwa choncho m'dziko lomwe anabadwiramo.

Nelson Mandela anasaina malamulo aakulu oyendetsera dziko lino pa 10 December 1996 ku Sharpeville. Malamulowa ali pamwamba pa pulezidenti, nyumba ya malamulo imene imakumana kuno ku Cape Town, apolisi ndi khonsolo ya mzinda. Wina akawaphwanya, makhoti ali ndi mphamvu yomuletsa, ndipo khoti lalikulu koposa lili ku Johannesburg. M'mutu wachiwiri, wonena za ufulu wa anthu, muli mawu awiri amene tiyenera kuwasiyanitsa: "aliyense" ndi "nzika".

Zina analembera aliyense amene ali m'dziko muno, posatengera kumene anabadwira. Gawo 10 limateteza ulemu wa munthu. Gawo 25 likuti katundu wa munthu sangangolandidwa popanda lamulo. Gawo 27 limapereka mwayi wa chithandizo cha kuchipatala, ndipo likuti wodwala mwakayakaya asabwezedwe. Gawo 29 limapereka maphunziro oyambirira. Gawo 35 likuti womangidwa auzidwe chifukwa chake, ali ndi ufulu wokhala chete, ndipo akaonekere kukhoti mkati mwa maola 48, pokhapokha nthawiyo itathera pa tsiku limene khoti silikugwira ntchito.

Zina anasungira nzika zokha. Kuvota ndi kupikisana pa zisankho, gawo 19, n'kwa nzika. Kulowa ndi kukhala m'dziko popanda chilolezo, gawo 21, n'kwa nzika. Ufulu wosankha malonda kapena ntchito, gawo 22, analemberanso nzika. Apa tisanamizane: malamulo aakuluwa salowa m'malo mwa mapepala. Pasipoti ya Malawi imatilola kucheza masiku 30, osati kugwira ntchito kapena kuchita malonda. Kuyambira mu 2014, wopitiriza masiku ake amaletsedwa kulowanso kwa chaka chimodzi, ndipo akapitiriza ndi masiku oposa 30 chiletsocho chimafika zaka zisanu. Kwa mayi amene moyo wake uli pa msewu wa Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, zimenezo ndi kutha kwa mpamba.

Mawu akuti "aliyense" ayesedwapo m'makhoti. Mu 2004, pa mlandu wa Khosa, anthu ochokera ku Mozambique okhala ndi chilolezo chokhazikika anapambana ufulu wolandira ndalama zothandizira okalamba ndi ana. Mu 2019 khoti la ku Makhanda linagamula kuti mwana wopanda zikalata asachotsedwe pasukulu. Mmodzi wa ife anabwezedwa pasukulu ina chifukwa mwana wake analibe chikalata chakubadwa. Mayi wina wa Chixhosa, amene amaotcha nyama pafupi naye, anatseka malonda ake m'mawa wonse n'kumuperekeza. Ananena za chigamulo chija modekha, ndipo mwanayo lero ali m'kalasi.

Tikudziwanso kuti pepala silimaletsa mwala. Mu May 2008 anthu 62 anaphedwa pa ziwawa zodana ndi obwera, ndipo ena a ife tinathawa ndi chovala chapathupi chokha. Amene anali ndi ndalama m'gulu ndi amene anayambanso msanga.

Kusonkha kwathuku nakonso kuli ndi mbiri. Lamulo la 1927 linkatenga mkazi wakuda wokwatiwa mwachikhalidwe ngati mwana, wosaloledwa kusaina pangano payekha, mpaka lamulo la maukwati la 1998 linasintha zimenezo. Amayi amene banki sinkawawerengera anadzipangira banki yawo. Kuno amati stokvel kapena umgalelo, ku Malawi chipereganyu ndi banki mkhonde, ku Zambia chilimba, ku Zimbabwe mukando, ku Mozambique xitique. Ndipo wina akamatinena kuti timangodya za eni, tikumbuke kuti pa sopo, shuga ndi mayunitsi a foni timalipira msonkho wa VAT wa 15 peresenti, chimodzimodzi nzika. Ufa wa chimanga, mazira, mkaka ndi masamba ndi zina mwa zimene alibe msonkhowu.

Kwathu nakonso ufulu sunabwere wokha. Makolo athu anavota pa 14 June 1993 kusankha ulamuliro wa zipani zambiri, ndipo malamulo atsopano a Malawi anabwera mu 1994. Panopa Mmalawi akhoza kukhala nzika ya mayiko awiri, nkhani yofunika kwa ana athu amene bambo awo ndi a kuno.

Ife a ku Nyanga tagwirizana zinthu ziwiri, ndipo tikupempha nthambi zina kuti ziganizirepo. Pamsonkhano uliwonse tiziwerenga gawo limodzi la ufulu wa anthu ndi kulimasulira m'Chichewa tisanatsegule buku la ndalama. M'buku lomwelo mlembi azilemba tsiku limene pasipoti kapena chilolezo cha membala aliyense chikutha, kuti tizikumbutsana nthawi ikadalipo monga timakumbutsirana za ngongole.