Mpikisano wa Mabwato a ku Kerala

Mzinda wa Lusaka, umene unakhala likulu la dziko m'caka ca 1935, unamangidwa pamalo opanda nyanja kapena mtsinje waukulu. Cifukwa cace mwana wobadwira ku Kabwata kapena ku Chelstone aganiza kuti dzinja ndiyo nthawi ya matope ndi yobisala m'nyumba. Koma kuli maiko ena kumene mvula ikagwa ndipo masewera ayamba.

Amwenye ambiri amene anatsegula masitolo ku Kamwala makolo ao anacokera ku Gujarat. Kum'mwera kwa dziko lomwelo la India kuli cigawo cina, dzina lace Kerala, ca mitsinje ndi madambo, kumene mvula yaikulu igwa kuyambira June kufikira September. Akale a kumeneko asimba kuti mfumu ya ku Chembakassery inalamula amisiri kuti aipangire mabwato ankhondo, aatali ndi oonda, otha kunyamula asilikari ambiri mwaliwiro. Nkhondozo zitatha, mabwato sanatayidwe ai. Midzi inayamba kupikisana nao pa nyengo ya maphwando. Masewerawa awacha vallam kali.

Bwato lotere, lochedwa chundan vallam, lipitirira mapazi 100 m'litali mwace, ndipo kumbuyo kwace kwatukuka ngati mutu wa njoka yokwiya. Opalasa akhala pafupifupi 100. Kumbuyo kuimirira oongolera ndi nkhafi zazitali, ndipo pakati pakhala oimba amene nyimbo yao ndiyo iuza nkhafi zonse nthawi yolowa m'madzi. Asanalitsitsire m'madzi alidzoza mafuta a nsomba kuti literere bwino. Bwatolo nla mudzi wonse, kotero kuti likagonja manyazi agwira aliyense, kuyambira nkhalamba kufikira ana.

M'caka ca 1952 Jawaharlal Nehru, nduna yaikulu ya India, anafika ku Alappuzha, ndipo anthu anamcitira mpikisano. Bwato la ku Nadubhagam litapambana, iye anakondwa nalumphiramo. Atabwerera ku Delhi anatumiza mphoto yasiliva youmbidwa monga bwato lomwelo. Umu ndimo unayambira mpikisano wa Nehru Trophy, wocitika pa nyanja ya Punnamada, kawirikawiri mwezi wa August.

Zimenezi si zacilendo kwenikweni kwa ife. Zambezi akasefukira, Litunga wa Alozi acoka ku Lealui kunka ku Limulunga m'bwato la Nalikwanda, ng'oma za Maoma zitaitana opalasa. Abvala zobvala za mkulu wa zombo, mwambo umene unayamba Lewanika atapita ku London m'caka ca 1902. Kuomboka si mpikisano, koma nzeru yace ndi yomweyo: wopalasa mmodzi akaphonya ng'oma, asokoneza anzace onse. Mutu umodzi susenza denga, ndipo nkhafi imodzi siiyendetsa Nalikwanda.

Miyambo iwiriyi idalira madzi, ndipo madziwo salamulidwa ndi munthu. M'caka ca 2018 cigumula cinaononga Kerala, mpikisano nukankhidwira mwezi wa November. Caka cotsatira, 2019, Kuomboka sikunacitike popeza madzi anacepa m'cigwa ca Barotse. Zaka zotere zikaculuka, anyamata adzakula osagwirapo nkhafi, ndipo amisiri odziwa kupanga mabwato otere adzatha osasiya wowalowa m'malo. Inu amene mwatsiriza sukulu, pitani kwa akulu odziwa luso limeneli akali moyo, muwafunse, ndi kulemba zimene adzakuuzani.